Ansembe a ku Ireland ndi mantha a chikomyunizimu: koma makomyunisiti akewo analipo angati?

Moni nonse, mwaswera bwanji. Lero tili ku Ireland, dziko lija linatitumizira ansembe ndi masisitere ambiri, koma nkhani yake si ya umishonale ayi, ndi ya mantha. Kuyambira m'ma 1930 mpaka m'ma 1950 mabishopu a kumeneko tulo sankatiwona kamba ka chikomyunizimu. Tisanapite patali dinani subscribe ndi kabelu kaja, ambiri mumangowonera nkumapita, ndimakuwonanitu.

Choyamba, mwachangu chifukwa izi nzosavuta. Ireland inayamba kudzilamulira mu 1922, anthu oposa 9 mwa 10 aliwonse anali Akatolika, masukulu ndi zipatala zambiri zili m'manja mwa mpingo. Kunjaku ku Russia matchalitchi akutsekedwa, ku Mexico ansembe akuphedwa, kenako nkhondo ya ku Spain ya 1936 kunaphedwa ansembe, mabulazala ndi masisitere pafupifupi 7,000. Ndiye manthawo anali ndi pochokera, zimenezo tisakane.

Chachiwiri, kalata. Mu October 1931 mabishopu analemba kalata yowerengedwa m'matchalitchi onse yodzudzula kagulu kotchedwa Saor Éire, komwe Peadar O'Donnell ndi anzake a mu IRA, gulu lankhondo lomenyera ufulu wa Ireland, anali atangokayambitsa, kuti ndi kachikomyunizimu. Masiku omwewo boma la W. T. Cosgrave linakaletsa pamodzi ndi magulu ena. Inu amene munalipo mu 1992 mukudziwa kulemera kwa kalata ya mabishopu ikawerengedwa pa Misa, kusiyana kwake nkwakuti ya ku Ireland inali mbali imodzi ndi boma.

Chachitatu, apa ndiye pokhalitsa, khalani bwino. Pali bodza lina limene limandinyansa, loti ansembe akanapanda kulimba Ireland ikanagwa m'manja mwa Moscow. Ikanagwa bwanji abale? Ndi anthu ake ati? Chipani cha Communist Party of Ireland chinakhazikitsidwanso mu June 1933 ndipo mamembala ake anali mazana ochepa chabe, pomwe chaka cha 1932 pa Misa ya msonkhano waukulu wa Ukaristia mu Phoenix Park ku Dublin panasonkhana anthu pafupifupi 1 miliyoni. Tangoyerekezani manambala awiriwo. Ndi ngati kuyitana mudzi wonse ndi mipini kudzapha mbewa imodzi. Koma mipiniyo inagwiradi ntchito, mu March 1933 chikhamu cha anthu, ambiri akuchokera kukamva ulaliki ku tchalitchi chachikulu cha mu Dublin, chinakazinga Connolly House, likulu la makomyunisiti pa Great Strand Street, akuyimba nyimbo za tchalitchi uku akugenda, mpaka kuyatsa moto.

Ndiye pali Jimmy Gralton, nkhani yake imandiwawa ine. Munthu wa ku Leitrim, kumudzi kwenikweni, anakhalitsa ku America nkubwerera mu 1932 kudzasamala munda wa makolo. Inde anali mkomyunisiti, sankabisa. Koma chomwe anachita ndi kutsegulanso holo yomwe anamanga kale pamalo pawo, achinyamata nkumavinamo, kuphunzira, kukambirana za malo ndi za anthu othamangitsidwa m'minda. Ansembe a m'deralo anayamba kumutchula pa guwa, holoyo anthu anaiwombera mfuti, mu December 1932 inatenthedwa. Boma la Éamon de Valera, m'malo mosaka owotchawo, linalamula kuti Gralton achoke m'dziko poti anali ndi unzika wa America. Anabisala miyezi ingapo, anamugwira, mu August 1933 anamukweza sitima yapamadzi osamuzenga mlandu kukhoti. Munthu wobadwira momwemo! Anamwalira ku New York mu 1945 osabwereranso kwawo, ndipo mpaka 2016 mpamene pulezidenti Michael D. Higgins ananena poyera kuti zimene zinachitikazo zinali zolakwika.

Mukufuna umboni wina? Pachisankho cha 1951 Michael O'Riordan, amene anakamenya nkhondo ku Spain kumbali yotsutsana ndi Franco, mkulu wa asilikali amene anaukira boma la kumeneko, anayima ku Dublin ngati mkomyunisiti. Akibishopu John Charles McQuaid anachenjeza akhristu kuti kumuvotera ndi tchimo lalikulu. Mavoti ake sanafike ndi 300 omwe. Ena mu makomenti munena kuti eya, ndiye kuti chenjezolo linagwira ntchito. Mwina pang'ono, koma kumbukirani kuti kumidzi anthu ambiri anali alimi a minda yawoyawo yomwe makolo awo anaivutikira kulanda kwa eni malo, ndiye ukamuwuze munthu ameneyo kuti munda ukhale wa boma, akumvera? Lembani maganizo anu pansipa, ndimawerenga onse ngakhale onyoza.

Chachinayi, ku England. M'ma 1950 anthu oposa 400,000 anachoka mu Ireland, ambiri kukagwira ntchito ya zomangamanga ndi ya m'zipatala ku London ndi Birmingham. Kumeneko kunali Connolly Association ndi nyuzipepala yawo Irish Democrat, yomwe ankagulitsa m'mabala, mkonzi wake Desmond Greaves anali wa chipani cha makomyunisiti cha ku Britain. Mabishopu anada nkhawa kuti anyamata akasiya Misa nkukodwa mmenemo, ndipo mu 1957 anayamba dongosolo lotumiza ansembe kuti azikawatsatira komweko. Ichi chokha ndimati chinathandiza, anthu osungulumwa anapeza owayendera.

Chachisanu ndi cha inu okonda mpira. October 1955 Yugoslavia ya Tito inabwera kudzasewera ndi Ireland pa Dalymount Park. McQuaid anafuna masewerowo alephereke chifukwa boma la chikomyunizimu la Tito linamanga mtsogoleri wa Akatolika kumeneko, Kadinala Stepinac. Wowulutsa mpira wa pa wailesi anakana kugwira ntchito tsiku limenelo, koma anthu oposa 20,000 analowabe mu sitediyamu, Akatolika omwewo opita ku Misa Lamulungu lililonse. Ireland inakwapulidwa 4 kwa 1.

Vidiyo yotsatira tikamba za Eoin O'Duffy ndi anthu ake pafupifupi 700 amene anapita ku Spain kukathandiza Franco, nkhondo yawo yoyamba anawomberana ndi asilikali a mbali yawo yomwe. Menyani layiki, tumizani linki mu magulupu anu a WhatsApp, tiwonana Lachisanu.