Achimwene, dimba lija musagulitse kaye

Achimwene, mwaswera bwanji kumeneko? Uthenga wanu ndaumvera kawiri, mtima uli m'mwamba. Alamu akuti mwayamba kale kukambirana mtengo wa dimba lija kuti mupeze ndalama yotumizira mwana kukoleji kuno ku America. Chonde, imani kaye. Kochi uja, amene analonjeza mwana theka la scholarship ya mpira koma pano akuti kotala, sanakunamizeni ayi, koma thumba limene anali nalo polonjeza mu 2019 si limene ali nalo mu 2021 muno.

Paja kuno akati football sanena mpira wathu wamiyendo, amanena uja wa zipewa zolimba, wogundana. Umenewo ndi basketball ndiwo amadyetsa masewera ena onse a pakoleji, kudzera m'ndalama za TV ndi matikiti. Mpira wa mwana wathuyu umangodya, sulowetsa kanthu. Ndiye pa 12 March 2020 bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji la NCAA litaimitsa mpikisano wa basketball wa March Madness chifukwa cha mliri wa COVID-19, ndalama yogawira masukulu a gulu lapamwamba la Division I inatsika kuchoka pa madola pafupifupi 600 miliyoni kufika pa 225 miliyoni. Football nayo inaseweredwa m'mabwalo muli anthu owerengeka. Masukulu ang'onoang'ono amalipidwa akapita kukasewera kwa akuluakulu, masewero ambiri otere anafafanizidwa. University of Cincinnati inathetseratu timu ya mpira wamiyendo ya anyamata mu April 2020. Stanford, ndi chuma chake chonse chija, inalengeza kuti ichotsa masewera 11 mwa 36. Ndipo nkhwangwa imagwera kwambiri matimu a anyamata, chifukwa lamulo la Title IX sililola kuti atsikana achepekedwe mwayi.

Koma chatipweteka ife kwenikweni ndi ichi, mvetsetsani. NCAA inati chaka cha mliri sichiwerengedwa, wosewera aliyense awonjezere chaka china. Amene amayenera kumaliza n'kusiya malo, sakuchoka. Mu 2021 muno timu ya mpira ya anyamata ya Division I ikuloledwa ma scholarship 9.9 basi, chonsecho osewera amafika 25, kwina 30. Amagawana ngati nkhuku imodzi pa Khirisimasi, uyu theka, uyu kotala, wina fungo lokha. Omaliza amene abwererawo sakuwerengedwa pa 9.9 paja, inde, koma ndalama yawo ikuchokera m'thumba lobooka lomwelo. N'chifukwa chake theka lija lasanduka kotala.

Iii, ndangokumbuka, munthu uja akuti kochi abwera kudzaona anyamata ku Blantyre, mwamupatsa kale kanthu? Musatero. Makochi a Division I saloledwa kukumana maso ndi maso ndi osewera atsopano mpaka 31 May 2021. Komanso ali pakalikiliki, ligi imene imaseweredwa kuyambira August anaisunthira miyezi ino, ithera mu May. Chimene angaone ndi vidiyo. Mujambule gemu yathunthu, mphindi 90, osati zigoli zokhazokha.

Pano kumeneko mukuotcha mondokwa, eti? Kuno mitengo ikadali mbee, yopanda ndi tsamba lomwe. Mayi asamapite okha kumunda ndi mwendo uja.

Tsono zochita. Mwana alembere kochi, apemphe pangano la thandizo la ndalama lolembedwa, losainidwa ndi sukulu, osati mawu a pa WhatsApp. Lionetse madola angati pachaka, ndipo akulipira chiyani: fizi, chipinda, chakudya, mabuku. Inshuwalansi ya chipatala afunse payokha, imeneyo ndiye imadzidzimutsa mabanja ambiri. Afunsenso ngati ndi la chaka chimodzi kapena zinayi, chifukwa ambiri amakhala a chaka chimodzi, chikatha amaunikanso. Ndiye funso lalikulu: timu ikathetsedwa iye ali kale kuno, ndalama ipitirira? Yankho likhale papepala.

Kenako dikirani I-20, pepala lochokera kusukulu lofunika popempha visa. Pepala limenelo limaonetsa mtengo wonse wa chaka ndi gawo limene sukulu ikupereka. Chotsalacho ndi chimene mudzasonyeze ku embasy ku Lilongwe kuti chilipo kubanki. Mukaona nambala imeneyo, mpamene tikhale pansi za dimba. Madola 350 a SEVIS (kaundula wa boma la America wa ophunzira akunja) ndi ndalama ya visa musalipire I-20 isanafike, akakukanizani visa ndalamazo sizibwerera. Musawerengerenso kuti adzadzilipirira ndi maganyu, visa ya ophunzira ya F-1 imalola maola 20 pasabata, pasukulu pomwepo. Afunsenso ngati makalasi ake adzakhale olowa m'kalasi, poti wophunzira watsopano wa pa intaneti pokhapokha sakumulola kulowa m'dziko.

China, ndikanaiwala. Podikirapa asasaine kontrakiti ya malipiro ku timu ya mu Super League, a NCAA Eligibility Center, amene amaunika ngati munthu ali woyenera kusewera pakoleji, amafunsa zimenezo. Ndipo akapitirira chaka chimodzi chimalizireni sekondale akusewerabe muligi, amamudula zaka zosewera kuno. Folomu 4 analemba liti, 2019? Ndiuzeni mwezi wake weniweni.

Imelo ya kochi ija muijambule yonse, kuyambira pamwamba pali deti, munditumizire usiku uno ndikaweruka ndiione.