Alamu ya Pakati pa Usiku ndi Chigumu cha ku Hositelo

Muli bwanji akwathu, kulikonse kumene mukundimvera. Mawu akamveka osasa mundikhululukire, usiku wathawu hositelo yathu yonse inatulutsidwa panja. Alamu ya moto. Ino ndi Januwale, kuno ndi ku Glasgow, ku Scotland, ndiye amene muli kunoku mukudziwa kale ululu woima poimika magalimoto utavala zogonera ndi masilipasi. Ozimitsa moto anabwera, analowa, ndipo chimene anachipeza ndi keke. Wina wa m'chipinda cha pamwamba amaphika keke pakati pa usiku. Utsi utayamba, anatsegula chitseko cha khitchini n'kuchitchinjiriza ndi mpando kuti utsiwo utuluke. Unatulukadi.

Tiyambe ndi chitseko chimenechi, chifukwa mtima ukadali m'mwamba. M'mahositelo ambiri a kuno, kachipangizo kamene kali kudenga la khitchini kamamva kutentha, osati utsi. Anachita dala kuti anthu aziphika mwamtendere. Koma ka mu kolido ndi ka m'chipinda chogona kamamva utsi, ngakhale nthunzi yochuluka. Chitseko cholemera chija, chodzitsekera chokha, ndicho malire. Utsi ukayamba, zimitsani uvuni, siyani chitseko cha uvuniyo chotseka, yatsani fani ya pamwamba pa kuka, tsegulani zenera. Chitseko cha khitchini ayi. Musachikhudze. Ndipo achimwene inu amene mumaveka sokosi kachipangizo ka kudenga, lekani. Tsiku loyendera zipinda akakapeza kali ndi sokosi ndi mlandu, ndipo m'nyumbamo mumagona anthu mazanamazana amene sanakulakwireni.

Nthawi zambiri utsiwo suchokera n'komwe ku keke. Uvuni ya pa hositelo ndi ya anthu ambiri, ndipo palibe mwini wake woitsuka. Pansi pake pamakhala mafuta a nkhuku ya sabata yatha, tchizi chogwa ku pizza, ndi chithireyi cha grill chimene wina anachiiwalamo mafuta ali tho. Musanayatse, tsegulani muone. Tulutsani zonse, pukutani pansipo ndi kansalu konyowa uvuni ikadali yozizira. Kenako yang'anitsitsani chotembenuza choyatsira uvuni chija. Chizindikiro chokhala ndi mzere wa mano a sowo kumtunda ndi grill, moto wochokera pamwamba pokha. Mukaphikira keke pamenepo, pamwamba pada bii m'kati muli phala. Chimene mukufuna ndi cha fani, kapena cha mizere iwiri, wina pamwamba wina pansi. Ngati ndi ya fani, chotsani madigiri 20 pa zimene malangizo anena. Akati 180, inu ikani 160. Amene muli ndi ya gasi, 180 ndi nambala 4. Idikireni mphindi 15 itenthe kaye.

Ndipo zimandiseketsa kuti tikuvutika ndi uvuni ya magetsi ife ana a amayi amene amaphika chigumu mu sefuliya, makala pansi, makala ena pa chivundikiro, opanda wotchi opanda choyezera kutentha, n'kutuluka chopsa bwino mbali zonse. Ife tili ndi madigiri pa uvuni, tikufunanso digiri ya ku yunivesite, koma tikutulutsa anthu panja usiku.

Tiyeni ku chigumu chenichenicho, ena amati chikondamoyo, pakuti ambiri mumandifunsa chimenechi.

Ufa. Musagule kapaketi kolembedwa cornflour. Umenewo si ufa wa nsima, ndi sitachi wothira mu supu kuti alimbe, ndipo chigumu chake chituluka ngati labala. Pitani ku sitolo za Afirika kapena za amwenye mukagule maize meal. Wa ku South Africa uja woyera, Iwisa ndi anzake, umagwira ntchito, kungoti ndi wosalala kuposa mgaiwa wathu, ndiye fungo la chimanga limachepa. Mukafuna kuti chiyandikire cha kumudzi, sakanizani ndi polenta kapena cornmeal wachikasu, theka ndi theka. Wachikasuyo ndi wamiyalamiyala, amafuna kumunyika.

Miyeso yake nayi, ya chitini cha makona anayi cha masentimita 20. Ufa wa chimanga magalamu 250. Ufa wa tirigu, plain flour, magalamu 100. Shuga magalamu 100. Nthochi zitatu zakupsa kwambiri. Mazira awiri. Mafuta ophikira mamililita 80. Mkaka mamililita 250. Mchere theka la supuni ya tiyi. Soda supuni imodzi ya tiyi, yosadzaza mpaka phiri, yosalaza ndi mpeni.

Kwathu tikanathira chambiko. Kuno kulibe, ndipo musauze m'bale wanu kuti akutengereni m'chikwama, zamkaka zochokera kwathu saloleza kulowa nazo m'dziko muno. Finyirani madzi a mandimu supuni imodzi yaikulu mu mkaka uja, dikirani mphindi khumi, usasa wokha. Yogati yopanda shuga yosungunula ndi timadzi imathekanso. Chowawasacho n'chofunika chifukwa soda payekha safufumitsa bwino, amafuna chowawasa choti alimbane nacho kuti mpweya utuluke. Akasowa, kapena mukamuchulutsa, chigumu chimamveka sopo m'kamwa ndipo m'kati mumada moipa.

Thirani ufa wa chimanga mu mkaka wosasawo, takasani, usiyeni mphindi 20. Apa ndi pamene anthu amathamangira, kenako n'kumadandaula kuti chigumu chikulumata mchenga m'mano. Podikirapo phwanyani nthochi ndi foloko, menyani mazira, shuga ndi mafuta, muphatikize zonse ndi ufa wonyikidwa uja. Soda ndi mchere musakanize mu ufa wa tirigu wouma, muthire pomaliza. Takasani mpaka ufa usaonekenso, basi. Soda akangokhudza chonyowa wayamba ntchito, ndiye uvuni ikhale itatentha kale, chitini mutapaka kale majarini ndi kuyala baking paper. Shelefu ya pakati. Mphindi 35 mpaka 45. Mphindi 25 zoyamba musatsegule chitseko, ngakhale mnzanu wa m'fulati abwere ndi ma chips ake akuti angoika pang'ono. Muuzeni adikire. Mpweya wozizira ukalowa m'kati musanalimbe, pakati pamatitimira ndipo sipadzukanso. Nthawi ikakwana bayani pakati ndi mpeni woonda. Ukatuluka wouma, chapsa. Pamwamba pakafiira msanga m'kati musanapse, vundikirani ndi foyilo mupitirize. Mauvuni okalambawa amatentha kwambiri kumbuyo, choncho ikadutsa mphindi 25 ija tembenuzani chitini kamodzi.

Nkhani ya nthochi imandipweteka payokha. Munthu wokulira kumene nthochi za ku Thyolo ndi ku Mulanje zimagulitsidwa mkoko wathunthu m'mbali mwa msewu, lero ukugula zisanu m'kapulasitiki, zobiriwira, zopanda fungo. Nthochi yachikasu yokongola ija si ya chigumu. Mukufuna ya mawangamawanga akuda, yofewa, imene anzathu a kuno amataya. Ikani m'kathumba ka pepala limodzi ndi apulo, pakapita masiku awiri kapena atatu zapsa. Madzulo m'masupamaketi amamata timapepala totsitsa mtengo pa zinthu zotsala pang'ono kutha nthawi, nthochi zakupsa zimapezeka pamenepo. Gulani zambiri, sendani, ikani mu freezer m'kathumba kolembapo dzina lanu, chifukwa firiji ya pa hositelo ili ndi manja. Mukathedwa nzeru, ikani nthochi ndi makoko ake mu uvuni pa 150 kwa mphindi 15 mpaka 20, makoko ada, m'kati mufewa. Kutsekemera sikufika pa yopsa yokha, ndiye onjezani shuga pang'ono.

Mukudziwa, kuchokera pa Glasgow Central pali sitima imene imaima pa siteshoni yotchedwa Blantyre, kumene anabadwira David Livingstone mu 1813. Ulendo wake ndi waufupi. Dzinalo ukaliona pa bolodi mtima umadumpha, koma ukatsika palibe Ndirande, palibe mayi wa beseni la zitumbuwa, palibe wokuitanira minibasi ya ku Limbe. Ndiye zitumbuwazo tidziphikire tokha? Apa ndiye ndikukanizeni. Mandasi ndi zitumbuwa zimafuna mafuta ambiri otentha cha m'ma 170 mpaka 180, ndipo mahositelo ambiri amaletsa kukazinga m'mafuta odzaza poto. Werengani pangano lanu lija munasaina osawerenga. Kazikazingeni kwa m'bale amene ali ndi nyumba yakeyake. Ndipo kulikonse kumene mukazingire, mafuta akayaka musathire madzi, moto umalumpha mpaka kudenga. Zimitsani kuka ngati mungafikire, vundikirani ndi bulangeti la moto lija lili m'kabokosi kofiira pakhoma, tulukani, imbani 999. Poto woyaka osamunyamula.

Amene mulibe sikelo, musaleke kuphika. Gulani yogati ya kachitini ka magalamu 125, kachitiniko ndiko muyeso wanu. Yogati kachitini kamodzi, shuga tiwiri, self-raising flour titatu, mafuta theka, mazira atatu. Sakanizani, 160 pa fani, mphindi 35 mpaka 40. Keke imeneyi siifuna makina omenyera kapena batala. Ngati ufa umene muli nawo ndi plain, thirani baking powder masupuni awiri a tiyi pa magalamu 150 alionse. Baking powder ndi bicarbonate of soda zimakhala moyandikana pa shelefu, tizitini take tofanana, koma si chinthu chimodzi. Soda ndi wamphamvu kwambiri. Werengani chitini musanathire.

Nanga tsiku loti uvuni yadzaza, kapena mukulemba asainimenti usiku mkamwa mukufuna kotsekemera? Keke ya m'kapu. Kapu yaikulu yadothi, yopanda mzere wagolide m'mphepete, chifukwa chitsulo mu microwave chimathetheka. Self-raising flour masupuni aakulu anayi, shuga atatu, koko awiri, dzira limodzi, mkaka atatu, mafuta atatu, kamchere. Takasani ndi foloko mpaka pansi, ufa umabisala m'makona. Zisapitirire theka la kapu, zimasefukira. Pa microwave ya mawati 800 yambani ndi mphindi imodzi ndi theka, muone, kenako muziwonjezera masekondi khumi. Pamwamba pakhale ponyowa pang'ono, imapitiriza kupsa mutaitulutsa. Mukapyola muyeso imauma gwa, ndipo chokoleti chikapserera mu microwave chimatulutsa utsi woipa. Imani pomwepo, musapite kukasamba. Idyeni yotentha, ikazizira imalimba.

Mabisiketi a mbatata nawonso amatheka, koma mbatata ya kuno ndi yofiirira m'kati ndipo ndi yamadzi kuposa yoyera yathu ija. Mukaiwiritsa m'madzi, mtanda wake umamata m'manja ndipo mudzathira ufa mpaka kukoma kuthe. Ibayeni ndi foloko, microwave mphindi 6 mpaka 8, isendeni, iphwanyeni, izizire. Mbatata magalamu 120, batala 60, shuga 50, plain flour 150, baking powder masupuni awiri a tiyi, sinamoni pang'ono. Mulibe mpini wopulira mtanda, botolo loyera likwanira. Dulani ndi kukamwa kwa tambula. 170 pa fani, mphindi 12 mpaka 15. Amatuluka ofewa, si okhukhuta ngati a m'paketi, ndiye musawabwezere mu uvuni poganiza kuti sanapse.

Tsopano ndilalikire pang'ono, ndipo achemwali anga mundimvetsetse. Chigumu chikakoma, anzanu a m'fulati akayamikira, a ku tchalitchi akati mutiphikireko tikulipirani, maganizo a geni amabwera. Ndi magazi athu, Mmalawi sangaone msika n'kungoudutsa. Lendi ikuluma, kumudzi akudikira ya feteleza ndi ya fizi ya mng'ono wanu, ndipo kwacha ikagwa foni imalira kwa inu. Ndikudziwa. Koma visa ya wophunzira imalola kulembedwa ntchito maola osapitirira 20 pa sabata nthawi ya teremu kwa amene akuchita digiri, ndipo siilola kudzilemba wekha ntchito kapena kuchita bizinesi. Kugulitsa makeke ndi bizinesi, ngakhale mukutsatsa pa sitetasi ya WhatsApp yokha. Ndalama zikulowa mu akaunti yanu, zithunzi zili pa Facebook ndi mitengo yake, umboni mwadzisonkhanitsira nokha. Munavutika bwanji kuti mufike kuno? Makalata a kubanki, kuyezedwa chifuwa chachikulu, ndalama yolipiriratu ya NHS (zipatala za boma za kuno), abale kugulitsa zinthu. Zonsezo muziike pachiswe chifukwa cha mapaundi a thireyi ya chigumu? Wina akuuzani kuti aliyense amachita, palibe amene anagwidwapo. Iyeyo mwina ali ndi mapepala ena, si ofanana ndi anu. Ndipo ngakhale amene mapepala awo amawalola, lamulo limafuna kuti akalembetse ku khonsolo masiku 28 asanayambe kugulitsa chakudya, komanso khitchini ya pa hositelo si malo amene eni nyumba angakuloleni kuchitiramo malonda.

Kugawa kwaulere mwa apo ndi apo palibe choletsa. Pa 6 Julaye Amalawi akakumana, nyamulani thireyi yanu monyadira, chodulidwa kale, chitazizira bwinobwino musanachivundikire kuti chisachite thukuta. M'kontena yotseka chimakhala masiku atatu, kupitirira apo chidulireni mu freezer. Koma kuno nkhani ya zakudya zowenga anthu si yoseweretsa. Mtedza umene ife timathira paliponse umatha kutsekereza munthu mpweya m'mphindi zochepa, ndipo supuni imodzi yochoka mu nsinjiro kupita mu mtanda ndi yokwanira. M'khitchini ya anthu ambiri funsani anzanu musanatsegule botolo la chiponde. Pa thireyipo ikani kapepala: ufa wa chimanga, tirigu, mazira, mkaka. Ngati mwathiramo nsinjiro, lembani imeneyo poyamba, ndi zilembo zikuluzikulu.