Wilmington 1898: Bodza Lomwe Linatsekera Anthu Akuda Chitseko cha Voti

[Pa sikirini: chithunzi chakale, nyumba yopsa denga, amuna onyamula mfuti aima kutsogolo kwake]

Moni nonse, takulandirani. Chithunzi mukuchionachi chinajambulidwa pa 10 Novembala 1898 mumzinda wa Wilmington, m'chigawo cha North Carolina ku America. Nyumba yopsayo inali ofesi ya Daily Record, nyuzipepala ya anthu akuda yomwe mkonzi wake anali Alexander Manly. Amuna aima apowo ndi a gulu lomwe layatsa moto. Taonani bwino: palibe wobisa nkhope. Akudziwa kuti palibe adzawagwire, ndipo palibedi mmodzi yemwe anazengedwa mlandu.

Kwa zaka zoposa 100, nkhani ya tsiku limeneli inkafotokozedwa ngati chipolowe chomwe anayambitsa anthu akuda, azungu n'kubwera kudzakhazikitsa bata. Zoona zake n'zakuti tsiku limenelo boma la mzinda losankhidwa ndi anthu linalandidwa ndi mfuti. Lero tiona momwe bodzali linapangidwira komanso ntchito yomwe linagwira.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America inatha mu 1865, ukapolo n'kuthetsedwa chaka chomwecho. Mu 1870 malamulo aakulu a dzikolo anasinthidwa kuti mwamuna asaletsedwe kuvota chifukwa cha khungu lake. Anthu omwe dzulo lake ankagulitsidwa pamsika anayamba kuima pamzere wa voti, ndipo anavota mwaunyinji. M'nyengo imeneyi, yomwe olemba mbiri amaitcha Reconstruction, amuna akuda pafupifupi 2,000 anakhala pamaudindo a boma. Hiram Revels wa ku Mississippi analowa m'nyumba ya Senate mu 1870, munthu wakuda woyamba kutero. Joseph Rainey wa ku South Carolina, yemwe anabadwira mu ukapolo, analowa m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse chaka chomwecho. Ku South Carolina komweko, msonkhano wolemba malamulo atsopano mu 1868 unali ndi nthumwi zakuda zochuluka kuposa zazungu, ndipo ndiwo unakhazikitsa dongosolo la sukulu za boma m'chigawo chonse, sukulu zomwe mwana wa mzungu wosauka nayenso anapindula nazo.

Sindikunena kuti maboma amenewa anali a angelo. Katangale analipo, monganso analiri ku New York ndi ku Washington zaka zomwezo pakati pa andale achizungu. Koma wina akakuuzani kuti anthu akuda anapatsidwa boma n'kulephera kuliyendetsa, mum'funse kuti sukulu zija anayambitsa ndani.

[Pa sikirini: mapu a North Carolina, Wilmington m'mphepete mwa mtsinje wa Cape Fear]

Mu 1877 boma lalikulu linasiya kuteteza maboma amenewa ndi asilikali, ndipo zinthu kum'mwera zinayamba kubwerera m'mbuyo. Komabe ku North Carolina voti ya akuda sinafe msanga. M'zaka za m'ma 1890 alimi achizungu osauka a chipani cha Populist anagwirizana ndi chipani cha Republican, chomwe ovota ake ambiri anali akuda, ndipo anapambana zisankho mu 1894 ndi 1896. Wilmington unali mzinda waukulu koposa m'chigawocho, ndipo anthu ake ambiri anali akuda. Munali maloya, madokotala, ometa, amisiri, apolisi ndi makhansala akuda. Mgwirizano wa mlimi wosauka wachizungu ndi wantchito wakuda ndi womwe unkasowetsa tulo eni chuma a chipani cha Democratic cha nthawi imeneyo.

Ndiye anakonza kampeni. Josephus Daniels, mwini nyuzipepala ya News and Observer ku Raleigh, ankasindikiza zojambula ndi nkhani zoopseza kuti amuna akuda akulamulira azungu ndipo akusaka akazi awo. Magulu a amuna ovala malaya ofiira ankayenda pa mahatchi usiku, kukwapula ndi kuopseza aliyense wakuda wofuna kukavota. Alfred Moore Waddell, yemwe anali msilikali wa mbali yofuna ukapolo pankhondo ija, analankhula poyera kuti ngati kutafunika adzatseka mtsinje wa Cape Fear ndi mitembo. Chisankho cha pa 8 Novembala anachitenga ndi mantha komanso chinyengo.

Koma mipando ya meya ndi makhansala a Wilmington sinali pachisankho chaka chimenecho, ndipo iwo sanafune kudikira. Patatha masiku awiri, Waddell anatsogolera chikhamu chomwe chinakula kufika pafupifupi amuna 2,000. Anatentha nyuzipepala ija, kenako n'kulowera kumadera okhala anthu akuda akuwombera. Amayi ndi ana anathawira kumanda ndi m'madambo, n'kugona komweko kukuzizira. Lipoti la boma la North Carolina linadzanena pambuyo pake kuti ophedwa mwina anafika 60. Madzulo ake meya ndi makhansala anakakamizidwa kutula pansi maudindo, Waddell n'kukhala meya. Atsogoleri akuda ndi azungu ogwirizana nawo anakwezedwa sitima n'kuuzidwa kuti asadzapondenso mumzindamo. Anthu akuda oposa 2,000 anasamuka. Pulezidenti William McKinley analandira makalata odandaula, koma sanatumize thandizo.

Kwa ife a ku Malawi, pali chinthu choyenera kuchikumbukira apa. Nthawi imeneyi John Chilembwe anali pasukulu ya zaubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia chomwe chimachita malire ndi North Carolina. Anapita mu 1897 n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa mishoni ya PIM ku Chiradzulu. America yomwe anakaiona inali imeneyi, ya anthu akuda ophunzira ndi olimbikira, omwe ufulu wawo unkalandidwa dzuwa likuswa mtengo.

[Pa sikirini: manambala awiri, 126,000 ndi 6,100]

Tsopano tafika pamtima pa nkhani. Mu 1900 North Carolina inasintha malamulo ake: wofuna kulembetsa voti ayambe waonetsa kuti amadziwa kuwerenga ndi kulemba. Mzungu wosaphunzira anam'siyira kachitseko kakumbuyo, koti ngati bambo ake kapena agogo ake ankavota chisanafike chaka cha 1867, mayesowo sakum'khudza. Agogo a anthu akuda ambiri nthawi imeneyo anali akapolo. Akuda olembetsa voti anali pafupifupi 126,000 mu 1896. Pofika 1902 anatsala pafupifupi 6,100. Ku Louisiana kunachitika zomwezo: kuchokera pa oposa 130,000 mu 1896 kufika pa 1,342 mu 1904. George Henry White, phungu wakuda wa ku North Carolina, anatuluka m'nyumba ya malamulo ku Washington mu 1901, ndipo chigawocho sichinasankhenso phungu wakuda kupita kumeneko mpaka 1992.

Kulanda kotereku sikukhalitsa popanda nkhani yokuikira kumbuyo. Munthu akakulanda munda, amayenda m'mudzi monse akuuza anthu kuti mwini wake ankaugoneka, sankadziwa kulima. Ntchito imeneyi inagwiridwa ndi anthu ophunzira. Pa yunivesite ya Columbia, William Dunning ndi ophunzira ake analemba mabuku ophunzitsa kuti kupatsa akuda voti kunali kulakwitsa kwakukulu. Mu 1915 filimu ya The Birth of a Nation inajambula aphungu akuda ngati zidakwa zovula nsapato m'nyumba ya malamulo, a Ku Klux Klan, gulu la azungu lomwe linkazunza ndi kupha anthu akuda, n'kukhala opulumutsa, ndipo inaonetsedwa ku White House. Mwana wachizungu anakula akukhulupirira kuti kuletsa wakuda kuvota ndi nzeru. Chopweteka kwambiri n'chakuti mwana wakuda ankawerenga buku lomwelo, n'kumaganiza kuti za boma si za kwawo.

N'chifukwa chake omenyera ufulu wovota ankayambira pa kukonza mbiri. Carter G. Woodson anayambitsa sabata yokumbukira mbiri ya anthu akuda mu 1926, yomwe lero inakula kukhala mwezi wathunthu wa Febuluwale. W.E.B. Du Bois mu 1935 anatulutsa buku la Black Reconstruction in America, momwe anaonetsa ndi umboni zomwe maboma aja anachita, n'kutchula poyera olemba mbiri omwe anapotoza nkhani. Akatswiri achizungu ambiri analinyalanyaza kwa zaka pafupifupi 30, koma lero olemba mbiri ambiri ali kumbali yake.

Ine ndimalemekeza kwambiri anthu omwe anatengera ntchitoyi kumidzi. Mu 1957 pachilumba cha Johns ku South Carolina, mphunzitsi Septima Clark, woyendetsa basi Esau Jenkins ndi wokonza tsitsi Bernice Robinson anatsegula sukulu ya akuluakulu kuseri kwa sitolo. Agogo ankaphunzira kulemba dzina lawo, kuwerenga ndime za malamulo, kenako n'kupita kukalembetsa voti. Mu 1964 ku Mississippi, sukulu zaufulu zinaphunzitsa achinyamata mbiri yomwe sinali m'mabuku a boma, ndipo achinyamata omwewo ankagogoda khomo ndi khomo kulimbikitsa makolo kukalembetsa. Munthu akadziwa kuti agogo ake anavotapo, anakhalapo khansala, salowa mu ofesi yolembetsera ngati wopempha. Amalowa ngati wodzatenga chake.

Lamulo loteteza ufulu wovota la 1965 litakhazikitsidwa, akuda olembetsa voti ku Mississippi anakwera kuchoka pa anthu osakwana 7 pa 100 aliwonse kufika pafupifupi 60 pa 100 aliwonse pofika 1967.

Za Wilmington zinachedwa. Nyumba ya malamulo ya North Carolina inakhazikitsa bungwe lofufuza mu 2000, lipoti n'kutuluka mu 2006, kutsimikiza kuti zonse zinakonzedwa dala pofuna kulanda boma. Chaka chomwecho News and Observer inasindikiza nkhani yaitali yovomereza mbali yomwe inatenga.

Musaganize kuti nkhaniyi inathera m'mabuku. Mu 2013 khothi lalikulu la America, pamlandu wa Shelby County, linafooketsa gawo la lamulo la 1965 lomwe linkakakamiza madera ena kupempha chilolezo asanasinthe malamulo a chisankho. Patangotha milungu yochepa, North Carolina inakhazikitsa lamulo lofuna ziphaso zina pokavota ndi lochepetsa masiku ovotera msanga, njira yomwe ovota akuda ankaigwiritsa ntchito kwambiri. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, mipingo ndi anthu wamba anapita nalo kukhothi. Mu 2016 oweruza a khothi la apilo analikana, ponena kuti linalunjika ovota akuda mwadala, ndipo m'chigamulo chawo anatchula mbiri yaitali ya tsankho pa nkhani ya voti m'chigawocho ngati gawo la umboni.