Galimoto ya banja yadula, koma ndalama zikuthera pati kwenikweni?

(Pa sikirini: Toyota Camry ziwiri zaima moyandikana, ya 2018 ndi ya 2025)

Tayang'anani magalimoto awiriwa. Onse ndi Toyota Camry, ndipo onse anatuluka m'fakitale imodzi ku Georgetown, m'chigawo cha Kentucky ku America. Yakumanzereyi ndi ya 2018, ndipo yotchipa kwambiri pa mtundu wake inkayambira pa madola 23,495. Yakumanjayi ndi ya 2025, mtengo wake unkayambira pa madola 28,400. Kusiyana kwake ndi pafupifupi madola 5,000. Aliyense woona manambala amenewa anena kuti galimoto yadula, ndipo sakunama. Komabe ine nditakhala pansi n'kuwerengera bwinobwino, ndinapeza kuti ndalama za banja zikuthera pena, osati pamene ambirife timaloza chala.

Tiyambe tamvana za galimoto yomwe tikukamba. Ndi saluni yapakati: zitseko zinayi, anthu asanu amakhala momasuka, buti ili payokha kumbuyo. Ndi yaikulu kuposa Corolla kapena Civic, koma si ya mabwana. M'gulu limeneli muli Camry, Honda Accord, Hyundai Sonata, Kia K5 ndi Nissan Altima. Manambala ambiri nditenga a ku America, chifukwa ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya magalimoto oterewa, komanso mitengo yake imalengezedwa poyera chaka ndi chaka.

Dola ya 2018 ndi dola ya lero sizifanana mphamvu. Pakati pa 2018 ndi 2024 mitengo ya zinthu ku America inakwera ndi pafupifupi 25 peresenti, ndipo mu June 2022 kukwerako kunafika pa 9.1 peresenti pa chaka, zomwe zinali zisanaonekenso kwa zaka 40. Katundu amene munthu ankagula ndi madola 100 anayamba kufuna madola 125. Ndiye tengani madola 23,495 aja, muwonjezerepo gawo limodzi mwa magawo anayi. Mupeza madola opitirira 29,000. Camry ya 2025 inkayambira pansi pa pamenepo. Kutanthauza kuti galimotoyi inakwera mtengo pang'onopang'ono kusiyana ndi zinthu zina zomwe banja limagula.

Ndipo si galimoto yomweyo ayi. Kuyambira ndi ya 2025, Camry iliyonse yogulitsidwa ku America ndi hybrid, ndiko kuti injini ya petulo imathandizana ndi mota ya magetsi ndi batire lomwe limadzitchaja lokha galimoto ikamayenda. Bungwe la boma loona za chilengedwe la EPA linayeza Camry LE ya 2025 n'kupeza kuti imayenda mamailosi 51 pa galoni. M'malita, ndi pafupifupi malita 4.6 pa makilomita 100. Camry LE ya petulo yekha ya 2024 inkamwa pafupifupi malita 7.4 pa mtunda womwewo.

(Pa sikirini: 1,470 ndi 920)

Tinene kuti banja limayenda makilomita 20,000 pa chaka, kupita kuntchito, kukatula ana kusukulu, kukaona agogo. Ya petulo yekha ya 2024 ija imwa malita pafupifupi 1,470. Yatsopanoyi imwa 920. Malita 550 atsala chaka chilichonse, ndipo mukaisunga zaka zisanu ndi zitatu, werengerani nokha ndi mtengo wa petulo wa kumene muli. Chinanso chimene anthu ambiri sanachione: Camry Hybrid ya 2024 inkayambira pa madola 28,855. Ya 2025 inatsika ndi madola 455.

Nanga ngati zili choncho, anthu akudandauliranji? Akudandaula zoona. Mu 2024 munthu wa thumba lopepuka ankatha kulowa kogulitsira magalimoto n'kutuluka ndi Camry ya petulo pa madola 26,420. Khomo limenelo linatsekedwa. Pa ya 2025 ankafunika kuwonjezera pafupifupi madola 2,000 asanagwire n'komwe chiwongolero. Mukhoza kumuuza kuti ndalamazo zidzabwerera pa petulo, ndipo zidzabwereradi, koma zidzabwera pang'onopang'ono pa zaka zingapo, pomwe wogulitsa akuzifuna lero. Wandalama amapindula ndi galimoto yosamwa mafuta. Wosowa amatsala panja. Ichi chimandiwawa, chifukwa saluni yapakati inali galimoto ya mphunzitsi, ya namwino, ya banja lomwe likungoyamba kumene.

Kalekale, kampani imodzi ikakweza mtengo, wogula ankangowoloka msewu kukaona ya kampani ina. Tsopano tamvani maliro amene achitika m'gulu limeneli. Mu April 2018 Ford inalengeza kuti isiya kugulitsa masaluni ku North America, ndipo Ford Fusion inatha mu 2020. Mazda6 inachoka pamsika wa ku America itatha ya 2021. Volkswagen Passat yomwe inkapangidwa ku Chattanooga, ku America komweko, inathera pa ya 2022. Chevrolet Malibu inasiya kupangidwa mu November 2024. Subaru Legacy inatsatira mu 2025. Ku Ulaya nako Ford Mondeo inatha mu 2022, ndipo ngakhale ku Japan kwawo kwa Camry, Toyota inasiya kuigulitsa mu 2023. Ambiri mwa amenewa, makamaka Fusion ndi Malibu, ndi amene ankagulitsidwa motsitsa kwambiri. Atachoka iwo, otsalawo alibenso wowakakamiza kutsitsa.

Masaluni amenewa anaphedwa ndi ma SUV, magalimoto a thupi lalitali aja. Mu 2007 Toyota inagulitsa Camry zopitirira 470,000 ku America. Mu 2017 RAV4, yomwe ndi SUV ya Toyota, inaipitirira kwa nthawi yoyamba, ndipo mu 2024 zinthu zinali zitatembenuka: RAV4 pafupifupi 475,000, Camry pafupifupi 310,000. Chodabwitsa n'chakuti magalimoto awiriwa amamangidwa pa maziko amodzi, omwe Toyota imawatcha TNGA-K. Kampani ikatenga maziko omwewo n'kuikapo thupi lalitali, anthu amalolera kulipira zambiri. Ndiye kampani iti ingakane?

N'chifukwa chake mukamva pa nkhani kuti mtengo wapakati wa galimoto yatsopano ku America wadutsa madola 50,000, monga momwe kampani yotsata mitengo ya magalimoto ya Kelley Blue Book inanenera za September 2025, musaganize kuti ndi saluni yachita zimenezo. Mu 2019 nambala imeneyi inali cha m'ma 38,000. Mbali ina yakwera chifukwa chilichonse chadula, mbali ina chifukwa anthu akusankha ma SUV ndi mapikapu akuluakulu. Saluni yoyambira pa madola 28,400 inali kutali pansi pa pamenepo.

Zifukwa zina ndingozidutsa mwachangu, poti mwina munazimvapo. Pakati pa 2020 ndi 2022 kunasowa tizipangizo ta kompyuta totchedwa ma chip, ndipo moto umene unabuka pa fakitale ya ma chip ya kampani ya Renesas ku Japan mu March 2021 unawonjezera vutolo. Ma chip ochepa omwe ankapezekawo makampani ankawaika m'magalimoto odula, chifukwa ndiwo obweretsa phindu lalikulu. Malamulo a chitetezo nawo amawonjezera mtengo: ku America kamera yoonera kumbuyo inakhala ya lamulo pa galimoto yatsopano iliyonse mu May 2018, ndipo m'maiko a European Union kuyambira July 2024 galimoto yatsopano iliyonse iyenera kukhala ndi buleki yodzigwira yokha ikaona ngozi. Zimenezi ine sindidandaula nazo, ndalama yopulumutsa mwana woyenda pansi ndi yabwino. Kenaka mu April 2025 boma la America linaika msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto ochokera kunja. Apa Camry ya ku Kentucky ndi Accord ya ku Marysville, Ohio, komwe inayamba kupangidwa mu 1982, zinali pabwinoko kusiyana ndi Sonata yomwe imachokera ku South Korea.

Tsopano tifike pamene ndalama zikutheradi. Malo oyamba ndi ngongole.

(Pa sikirini: ngongole ya madola 30,000, njira zitatu)

Anthu ambiri sagula galimoto yatsopano ndi ndalama zapamanja. Amakongola. Banki yaikulu ya ku America, Federal Reserve, inali ndi chiwongoladzanja pafupi ndi ziro kumayambiriro kwa 2022, ndipo pofika July 2023 inali itachikweza kupitirira 5 peresenti. Ngongole za magalimoto zinakwera nawo. Tiyeni tichite masamu a chitsanzo. Mwakongola madola 30,000 kuti mubweze pa miyezi 60. Chiwongoladzanja chikakhala 4 peresenti, mulipira pafupifupi madola 552 pa mwezi, ndipo banki idya madola 3,150 pa zaka zonsezo. Chikakhala 8 peresenti, mulipira 608 pa mwezi ndipo banki idya pafupifupi 6,500. Galimoto ndi yomweyo, mtengo wake sunasinthe, koma madola opitirira 3,000 apita.

Ndiye wogulitsa akaona nkhope yanu yagwa, amamwetulira n'kunena kuti, "Musadandaule bwana, titalikitse ngongoleyi ifike miyezi 84." Malipiro a pamwezi atsikadi kufika pa madola 468, ndipo mtima ukhala pansi. Koma banki tsopano idya madola opitirira 9,200, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa galimotoyo. Palinso msampha wina. Galimoto imagwa mtengo msanga m'zaka zoyambirira, pomwe ngongole yaitali imatsika mochedwa. Kwa zaka zingapo mumakhala ndi ngongole yoposa mtengo wa galimoto yanu. Ikachita ngozi, kapena ntchito ikatha n'kufuna kuigulitsa, mumatsala mukulipira galimoto yomwe mulibe. Funso loti "pa mwezi mungakwanitse zingati" ndi limene lasaukitsa mabanja ambiri kuposa mtengo wolembedwa pagalasi. Inu funsani kuti zonse pamodzi, kufikira tsiku lomaliza, mulipira zingati.

Malo achiwiri ndi makwerero a mitundu. Galimoto imodzi imabwera m'magiredi angapo. Camry ya 2025 ili ndi LE, SE, XLE ndi XSE. LE inali madola 28,400, XSE inali 34,600. Injini ndi imodzi, batire ndi limodzi, malo okhala ndi amodzi, zida zikuluzikulu za chitetezo zilimo monsemo. Pa madola 6,200 owonjezerawo mukugula mipando yachikopa, sikirini yokulirapo ndi marimu a mainchesi 19 m'malo mwa 16. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Marimu aakulu amawonjezera kamwedwe ka mafuta, moti XSE yoyendera mawilo onse anayi imatsika kufika pa mamailosi 44 pa galoni. Mateyala ake ndi odula kusintha, ndipo poti mphira wake ndi wopyapyala, dzenje limodzi pamsewu likhoza kuphwanya teyala ndi rimu lomwe. Mwalipira zambiri pogula, ndipo mupitiriza kulipira zambiri poyendetsa.

Sindikunena kuti kukonda chinthu chokongola n'kulakwa. Amene ali nazo agule, asangalale. Ndikunena za bambo kapena mayi amene analowa akufuna LE, n'kutuluka ndi XSE pa ngongole ya miyezi 84 chifukwa anauzidwa kuti kusiyana kwake pa mwezi n'kochepa.

Nanga pakati pa otsalawa, phindu lili pa iti? Camry ndi Accord n'zodziwika kuti sizigwa mtengo msanga, choncho zimakubwezerani zambiri tsiku logulitsa. Accord imagulitsidwabe ya petulo yekha, ya injini ya malita 1.5 yokhala ndi turbo, ndipo hybrid yake imayambira pa magiredi apamwamba. Kumbuyo kwake n'kotakasuka kwambiri, zomwe a ana aataliatali aziyamikira. Hyundai ndi Kia zimakopa ndi waranti: ku America zimalonjeza mwini woyamba kukonza injini ndi giyabokosi kwa zaka 10 kapena mamailosi 100,000, pomwe Toyota imalonjeza zaka 5 kapena mamailosi 60,000. Amene amaopa batire la hybrid adziwe kuti Toyota imaliikira waranti ya zaka 10 kapena mamailosi 150,000. Kwa woisunga galimoto mpaka itakalamba, waranti yaitali ndi ndalama. Kwa woigulitsa pakatha zaka zinayi, chofunika ndi mtengo wodzagulitsira. Musaiwalenso kufunsa za inshuwalansi musanasaine, chifukwa makamera ndi timaso ta magetsi tomwe tili m'bampala ndi pagalasi lakutsogolo tachititsa kuti kagundidwe kakang'ono kazidula kukonza.

Zikanakhala ndalama zanga, ndikanatenga hybrid ya giredi yapansi, ya marimu aang'ono, ngongole yosapitirira miyezi 60, n'kuiyendetsa zaka khumi.

Koma maganizo anga ali pa banja lomwe silidzagulapo galimoto yatsopano. Mabanja ambiri padziko amagula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo galimoto iliyonse yakale inayamba yagulidwa yatsopano ndi munthu wina. Fusion zomaliza za 2020 zadutsa kale zaka zisanu. Malibu ndi Legacy sizikutulukanso m'fakitale. Pofika 2030, munthu wofuna saluni ya zaka zisanu, yotakasuka komanso yosamwa mafuta, adzapeza mayina ochepa oti asankhepo, ndipo oifuna adzakhala ambiri kuposa magalimotowo.