Achemwali, jekete ija musaigulitse kaye

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndiye ndati ndingolankhula, nkhaniyi kulemba ingatalike. Chithunzi cha jekete imene mwaipeza m'belo ija ndachiona. Chonde ichotseni pamulu, musaigulitse kaye, komanso musaichape. Ngakhale ikumveka fungo la kaunjika lija, isakhudze madzi.

Chandichititsa chidwi ndi cholembedwa kumsanako, dzina la fakitale ndi mawu akuti softball. Amenewa ndi masewera ofanana ndi baseball, kungoti mpira wake ndi wokulirapo ndipo woponya amauponyera chapansi, mkono ukudutsa m'mbali mwa ntchafu. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 mafakitale ambiri kuno ku America anali ndi matimu awoawo, monga zinalili kwathu ndi Bata Bullets kapena Limbe Leaf Wanderers. Ena ankachita kulemba munthu ntchito chifukwa choti amatha mpira. Ku Fort Wayne, ulendo wa maola ngati awiri kuchokera kuno ku South Bend, kunali fakitale ya a Fred Zollner yopanga mapisitoni a injini. Timu yawo, Zollner Pistons, inatenga chikho cha dziko lonse mu 1945, 1946 ndi 1947, n'kudzatha mu 1954. Timu yawo ina ya basketball ndi imene inasamukira ku Detroit mu 1957, lero ndi Detroit Pistons. Amayinso anali ndi timu yawo ya softball yotchuka, Raybestos Brakettes ya ku Stratford, Connecticut, ya fakitale yopanga zipangizo za mabuleki, inayamba mu 1947.

Ndiye alipo anthu amene amasonkhanitsa zinthu za matimu amenewa, majekete, mayunifomu, zikho, ngakhale timabuku ta ndandanda wa masewera. Ena ndi adzukulu a anthu amene ankagwira ntchito m'mafakitalemo. Fakitale inatsekedwa kalekale, agogo anatisiya, chotsala ndi jekete basi. Munthu wotere akaliona dzina limenelo mtima umamugunda.

Koma tisayambe kuwerengera ndalama. Zovala zisanamangidwe m'mabelo, osankha amachotseratu zakale zamtengo, zopulumuka ndi zochepa. Zilipo zina zosokedwa posachedwa motengera zakale. Ndipo mtengo umadalira dzina: ya timu yodziwika imalimbiranidwa, ya kafakitale kakang'ono imadikira mwini wake. Choncho tiyambe tadziwa zaka zake.

Mawa kukawala, muiyale pamkeka pamthunzi, mundijambulire izi moyandikira. Kansalu ka pakhosi kaja, kaoneke dzina la amene anaisoka, kaya ndi Wilson, Rawlings, Spalding kapena MacGregor. Kenako mufufuze m'kati monse ngati muli kansalu kena kofotokoza kachapidwe. Apa mpofunika kwambiri, chifukwa kuno ku America lamulo lokakamiza kusokerera kansalu kameneko linayamba mu 1972. Kakapezeka, ndiye kuti mwina jeketeyo si ya nthawi imene tikunenayi. Kakasowa, muonetsetse ngati sipakuoneka podula, pena anthu amakadula kakamawayabwa. Ngati ili ndi zipi, muone ngati ndi yachitsulo, ndipo pa kogwirira pake pamakhala dzina, zambiri zakale zimalembedwa Talon. Zilembo za kumsanazo muzikhudze ndi chala. Zakale zimakhala zodula pansalu yokhuthala n'kusokerera, kapena zopeta ndi ulusi woyenda ngati tcheni. Mukaitembenuza kunsi mudzaona ulusiwo. Zopaka penti kapena zomata ngati pulasitiki nthawi zambiri ndi za pambuyo pake.

M'matumba mupisemonso. Nthawi zina pachifuwa kapena m'kati mumapezeka dzina la mwini wake ndi chaka.

Pamene pang'ambika paja musapite napo kwa telala. Ogula amafuna chinthu mmene chilili, chigamba chatsopano chimagwetsa mtengo kuposa chibowo. Musaisite, musaiyanike padzuwa. Muikulunge m'chitenje choyera chouma, osati m'jumbo, chifukwa ndi chinyezi cha dzinjali ingachite chuku. Ikakhala ya ubweya wa nkhosa, njenjete zimaikonda, ndiye muiike m'sutikesi yotsekeka bwino. Anyamatawo muwauze kuti si yovala popita ku mpira.

Zithunzizo zikafika ndiziyerekeza ndi zimene zinagulidwapo kale pa eBay, msika wa pa intaneti. Ikaoneka kuti ndi yeniyeni, tipeza wobwera kuno woti ainyamule m'chikwama cha m'manja, ndipo ndalama yake ndi yanu yonse. Mundipatsire moni alamu ndi ana.