Mtedza wonyala uja timasinja nsinjiro: umatani ukafika m'chiwindi?

[Pa sikirini: lichero la mtedza, manja akusankha]

Tikamasankha mtedza wokagulitsa, wabwino umalowa m'thumba. Nanga wonyala, wakuda, wowawa uja? Ambiri sititaya. Timasinja nsinjiro, kutendera mpiru, ina kuthira m'phala la mwana. Eti kupewa kuwononga chakudya.

Mtedza woterowo nthawi zambiri umakhala ndi chuku chotchedwa Aspergillus flavus. Kwawo n'kunthaka. Ng'amba ikagwa mtedza usanakhwime, kapena tizilombo tikaboola makoko, chimalowa, n'kumadikira chinyezi ndi kutentha. Ndiye inu amene mumawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, mukuchiyalira mphasa. Chikakula chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin.

Poizoniyu anadziwika pambuyo poti nkhukundembo pafupifupi 100,000 zafa ku England mu 1960, zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Anthunso amawapha: mu 2004 ku Kenya anadwala 317, ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chachuku.

[Pa sikirini: chithunzi cha chiwindi]

Apa mvetserani bwino. Ntchito ina ya chiwindi n'kuphwanya zinthu zachilendo zolowa m'magazi, kaya ndi Panado kaya mowa, kuti thupi lizitulutse. Aflatoxin nayenso chimamugwira kuti chimuphwanye, koma pomuphwanyapo chimamusandutsa chinthu choopsa kuposa poyamba, chimene chimakakamira pa DNA (malangizo achibadwa oyendetsa selo) ya maselo a chiwindicho. Chinthucho chimatha kuwononga jini (kachigawo ka DNA) yotchedwa p53, imene imaletsa maselo owonongeka kuchulukana. Munthu samva kanthu lero kapena mawa. Zimaunjikana zaka ndi zaka, mapeto ake khansa ya chiwindi, ndipo kwa amene ali kale ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B chiopsezocho chimakwera kwambiri.

Mwina mukuti, "Sitimakazinga kodi?" Moto wa pamafuwa umapha chuku, koma poizoni wambiri amatsala. Kupatsa ng'ombe nakonso si njira, chifukwa gawo lina limatulukira mu mkaka. Chimanga mukakonola, poizoni wambiri amapita ndi gaga, ndiye ganizirani amene adye gagayo.

[Pa sikirini: mlimi akuwaza njere m'munda]

Chimene chimandisangalatsa ine ndi nzeru ya akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi la IITA, amene anapanga Aflasafe. Anatenga chuku cha mtundu womwewo koma chosatulutsa poizoni, n'kuchipaka pa njere za mapira. Mlimi amawaza m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu zisanachite maluwa, chuku chofatsacho chimafika msanga n'kulanda malo, choopsa chija chimasowa pokhala.

Zotsalazo zili m'manja mwanu. Yanikani pa thandala kapena pa lona, osati padothi. Sungani mtedza m'makoko mpaka mutaufuna, matumba asagunde pansi kapena khoma. Wonyala ndi wakuda uja mukausankha, ukwirireni dzenje lakuya kapena uwotcheni, nkhuku zisautole.