Madola 5 Amene Anakana Kulipira

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno akuchokera pa Eksodo 23:2: usatsate unyinji wa anthu pochita choipa.

Dziko limamudziwa Jimmy Carter ngati mtsogoleri wakale wa America, koma ine mtima wanga uli pa zaka zimene anali wamalonda wamba ku Plains, katauni ka anthu osafika 1,000 m'chigawo cha Georgia. Bambo ake atamwalira mu 1953, anasiya usilikali wa pamadzi n'kubwerera kumudzi kukayendetsa bizinesi ya banja. Ankagulitsa mbewu ndi feteleza, n'kumagula mtedza kwa alimi, mkazi wake Rosalynn akusunga mabuku a ndalama. Chaka cha 1954 kunagwa chilala, phindu lake silinakwane n'komwe madola 200.

Chaka chomwecho khoti lalikulu linagamula kuti kulekanitsa ana akuda ndi ana achizungu m'sukulu za boma n'kosemphana ndi malamulo. Azungu okwiya anayambitsa gulu lotchedwa White Citizens' Council, ndipo ku Plains amuna achizungu analembetsa. Carter anakana. Anzake anamupitira kuntchito kwake, kunyumba yosungira mtedza, anthu omwewo amene ankagula feteleza wake, amene ankakhala nawo benchi limodzi m'tchalitchi. Ndalama yolowera inali madola 5, ndipo anamuuza kuti amulipirira, iye angovomera dzina lilembedwe. Anakanabe. Ena anasiya kugula kwa iye.

Apa ndi pamene pamandigwira mtima. Kukana mdani n'kosavuta. Chovuta n'kukana kasitomala amene ndalama yake ndiyo ndiwo za ana ako, munthu amene mudzakumana naye Lamlungu mupatsane moni. Tonsefe timadziwa mawu amene amabwera pa nthawi zotere: "Inunso, aliyensetu akuchita." Amanenedwa pa sikelo yogulira mbewu, amanenedwa mu ofesi pomwe akukupatsani pepala loti musayine, amanenedwanso mofatsa, ndi munthu amene amakukondani.

Mu 1962 Carter anapikisana nawo pa mpando wa nyumba ya malamulo ya Georgia. Analengezedwa kuti wagonja, koma ku Quitman County, limodzi mwa madera ovotera, bokosi la mavoti linali litasokonezedwa, mpaka anthu akufa "anavota." Sanangodandaula pakhonde ayi. Anatolera umboni, nkhani inapita kwa woweruza, mavoti achinyengo anatayidwa, ndipo mu January 1963 analumbira ngati seneta. Ndimakhulupirira kuti mphamvu yolimbana ndi akuba mavoti inayambira tsiku lija m'nyumba yosungira mtedza, pamene panalibe atolankhani kapena womuombera m'manja.

Tiyeni tipemphere. Atate, ena mwa ife tikutsegula okala m'mawa uno, ena tikupachika sikelo, ena tikulowa mu ofesi mmene mukutidikira pepala lokayikitsa. Akatiuza kuti aliyense wavomera kale, gwirani dzanja lathu lisasayine. Ndipo makasitomala akatithawa chifukwa cha zimenezo, ana athu musawagonetse ndi njala. M'dzina la Yesu, ameni.